Kodi nyanja yamchere ingafike ku Malawi? Yankho kwa mlembi wa nkhani yopeka

Funso: "Ndine mphunzitsi wa ku sekondale kuno ku Bangula, ndipo ndikulemba buku la nkhani yopeka ya sayansi. Nkhaniyo ikuchitika m'chaka cha 2150. Madzi oundana onse a padziko lapansi asungunuka, nyanja yamchere yameza Mozambique yense mpaka yafika ku Blantyre, ndipo phiri la Mulanje lasanduka chilumba chomwe opulumuka akukhalapo. Mnzanga wophunzitsa jogalafe akuti zimenezi n'zosatheka. Kodi akunena zoona? Nanga ndikonze pati kuti nkhaniyo imveke yotheka?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndasangalala kumva kuti alipo wina m'chigwa cha Shire amene akulemba nkhani yamtunduwu. Mnzanuyo akunena zoona pa za Blantyre ndi Mulanje. Koma musaike cholembera pansi, chifukwa dera lomwe mukukhalalo ndi lokhalo m'dziko muno limene nyanja yamchere ingathedi kufikako, ndipo nkhani yomwe ili pakhomo panupo ndi yamphamvu kuposa yomwe mwayambayo.

Tiyambe ndi kuwerenga madzi omwe alipo. Madzi oundana ambiri padziko ali ku Antarctica. Atasungunuka onse, nyanja ingakwere ndi mamita pafupifupi 58. A ku Greenland angawonjezere mamita 7. A m'mapiri onse a padziko, kuyambira ku Himalaya mpaka kanthu kochepa kotsala pamwamba pa Kilimanjaro, sangakwane ndi theka la mita lomwe. Zonse pamodzi zikubwera pakati pa mamita 65 ndi 70. Tsono Blantyre ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Lilongwe chimodzimodzi, nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Madzi a mamita 70 sangakwere n'komwe chitunda cha Thabwa potuluka ku Chikwawa.

Ena amawerengeranso madzi oundana omwe akuyandama panyanja ya Arctic, koma amenewo sawonjezera kanthu kooneka. Mukaponya ayisi m'kapu ya madzi n'kuika chizindikiro pomwe madzi alekeza, ayisiyo akasungunuka madzi amakhala pomwe paja, chifukwa anali atatenga kale malo ake. Oopsa ndi madzi oundana omwe akhala pamtunda, amene akasungunuka kapena kutsetserekera m'nyanja amakhala katundu watsopano. Chinanso chomwe chimakweza nyanja ndi kutentha kwa madzi enieniwo, pakuti madzi akafunda amafufuma. Mvula nayo singathandize nkhani yanu. Chinyezi chonse cha mumlengalenga chitagwa nthawi imodzi, chingakute dziko ndi madzi akuya masentimita awiri ndi theka basi. Mvula imangobweza madzi omwe dzuwa linatunga m'nyanja momwemo. Filimu ya Waterworld ya mu 1995 inaonetsa dziko lonse litamira chifukwa cha kusungunuka kwa madzi oundana, ndipo anthu ambiri anatenga chithunzi chimenecho ngati chenicheni. Kuti madzi akute dziko mpaka nsonga ya Everest, pamafunika madzi owonjezera ochuluka kuposa katatu madzi onse omwe ali m'nyanja lero. Madzi amenewo pamwamba pa dziko palibe.

Tsopano tibwere kwanu. Malo otsikitsitsa m'Malawi ali m'boma la Nsanje, pomwe Shire akutuluka kulowa mu Mozambique, ndipo ali pa mamita 37 okha. Ndiye kuti madzi oundana onse atasungunukadi, nyanja ingameze Chinde, Quelimane ndi Beira, ingakwere chigwa cha Zambezi kudutsa Mopeia ndi Caia, n'kukhotera m'chigwa cha Shire, kudzaza dambo la Ndindi, n'kulowa m'dziko lathu. Ng'ona ndi mvuu zingathawire kumtunda kwa mtsinje, madimba a m'mphepete mwa Shire angakhale pansi pa madzi amchere, ndipo mapiri a kumadzulo kwa Nsanje angayang'anizane ndi phiri la Morrumbala pali nyanja pakati. Mozambique sangathe yense. Tete, Chimoio, Nampula ndi Lichinga angatsale pouma. Chomwe chingapite ndi chigwa cha m'mphepete mwa nyanja, komwe kuli anthu ochuluka, mpunga, kokonati ndi madoko.

Vuto lalikulu la nkhani yanu ndi chaka chomwe mwasankhacho. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC, mu lipoti lake la 2021, linanena kuti nyanja inakwera ndi masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018. Liwiro lake likukula: linali mamilimita 1.3 pachaka kufikira 1971, koma pakati pa 2006 ndi 2018 linafika mamilimita 3.7 pachaka. Pofika 2100, mayiko akachepetsa kwambiri utsi wotenthetsa dziko, nyanja idzakwera pakati pa masentimita 28 ndi 55. Akapitiriza kuwotcha malasha ndi mafuta mosaleka, idzakwera pakati pa masentimita 63 ndi mita imodzi. Lipotilo linawonjezera kuti madzi oundana a ku Antarctica atagumuka mwachangu kuposa momwe tikuyembekezera, mamita awiri pofika 2100 ndi mamita asanu pofika 2150 si zoti tingazikane. Mamita asanu ndiye malire akutali omwe sayansi ingakupatseni pa chaka chanucho. Ngakhale patapita zaka 2,000, dziko litatentha ndi madigiri asanu, lipotilo likuti nyanja ingakwere mamita 19 mpaka 22, omwe sanafikebe pa 37 paja. Kuti Antarctica yense asungunuke pamafunika zaka masauzande ambirimbiri, chifukwa malo ena madzi oundanawo ndi ochindikala makilomita oposa anayi.

Ndikufuna muone kuti dziko linadutsapo kale m'zoterezi, ndipo mbiri imeneyo ndi chuma kwa mlembi. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo nyanja inali yotsika ndi mamita oposa 120 poyerekeza ndi lero, chifukwa madzi ambiri anali ataundana pamwamba pa North America ndi kumpoto kwa Ulaya. Munthu ankatha kuyenda wapansi kuchoka ku Siberia kupita ku Alaska, ndiponso kuchoka ku New Guinea kupita ku Australia. Pakati pa Britain ndi Denmark panali chigwa chachikulu cha mitsinje, madambo ndi nyama, chomwe akatswiri amachitcha Doggerland. Mu 1931 asodzi ena anavuula mu ukonde wawo chibuma cha dothi la m'dambo, ndipo mkati mwake munali nsonga ya mkondo yosemedwa ku nyanga ya nyama. Pomwe ankakokera ukonde wawo, kale anthu ankasakapo. Dziko limenelo linatha pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri, mpaka zaka pafupifupi 8,000 zapitazo. Ngakhale pa nthawi yomwe nyanja inathamanga koposa, zaka pafupifupi 14,500 zapitazo, inkakwera mamita anayi kapena asanu pa zaka 100 zilizonse. Tangoganizani zimenezo m'moyo wa munthu mmodzi wa m'chigwa chathyathyathya. Pomwe ankasewera ali mwana, akamakula pamakhala dambo. Akamakalamba amapalasapo bwato, ndipo zidzukulu zimakayika akamaziuza kuti pansi apa panali mudzi. Kwa ine, mantha enieni a nkhani yamtunduwu ali pamenepa, kuposa pa chifunde chimodzi chogwetsa nyumba zosanja.

Komanso nyanja simabwera mwaulemu, sentimita ndi sentimita, anthu akuionerera. Imakwera mwakachetechete kwa zaka zambiri, kenako namondwe mmodzi amadzatenga usiku umodzi zonse zomwe kukwera kuja kunakonzeratu. Pa 14 Malichi 2019 usiku, namondwe wa Idai anagwera pafupi ndi Beira. Mphepo inakankhira madzi a m'nyanja kumtunda, mvula inadzaza mitsinje ya Buzi ndi Pungwe, ndipo kumadzulo kwa mzindawo kunabadwa chinyanja chomwe chinkaoneka pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Anthu anakhala pamadenga ndi m'mitengo masiku angapo. Oposa 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Nyanja ikadzakhala itakwera ndi mita imodzi, namondwe wofanana ndi ameneyo adzayambira pamwamba, ndipo adzalowa kutali.

Mbiri yathu yomwe ili ndi chitsanzo. Kuyambira mu 1891 a Britain anali ndi malo awo ku Chinde, pamathiriro a Zambezi, ndipo katundu ndi anthu obwera ku Nyasaland ankatsikira pomwepo n'kukwera sitima zapamadzi zoloza ku Shire. Madzi ankadya gombe la dokolo chaka ndi chaka mpaka nyumba zina ankachita kuzisamutsa. Mu 1922 namondwe anaphwanya tauniyo n'kumiza sitima, chaka chomwecho njanji ya ku Beira inatsegulidwa, ndipo Chinde sanadzukenso. Kumwera kwa Beira, linga lomwe Apwitikizi anamanga ku Sofala mu 1505 latsala zidutswa zomwe mafunde amazisambitsa. Malo amenewa akukuonetsani momwe doko limafera: madzi amaluma mbali imodzi, malonda amasamukira kwina, anthu amatsatira malondawo.

Madzi asanafike pakhomo, umayamba kufika ndi mchere. Umalowa pansi panthaka, chitsime chimayamba kuwawa, mjigo umatulutsa madzi omwe sopo sachita nawo thovu, mpunga umachita chikasu m'munda womwe sunamirepo. Alimi a kumwera kwa Bangladesh akulimbana nazo kale zimenezi, ndipo ena asiya mpunga n'kuyamba kuweta nsomba ndi zina zam'madzi amchere. Kwina nthaka yeniyeniyo ndiyo ikutitimira. Kumpoto kwa mzinda wa Jakarta malo ena akhala akutsika ndi masentimita oposa 10 pachaka chifukwa chopopa kwambiri madzi a pansi, ndipo mu 2019 boma la Indonesia linalengeza kuti likulu lisamukira ku chilumba cha Borneo. M'buku lanu, munthu woyamba kudziwa kuti dziko lasintha akhale mayi wotunga madzi m'mawa amene walawa n'kulavula.

Nanga ife, pokhala kuti nyanja ya 2150 singatipeze, chingatifike n'chiyani? Choyamba ndi mvula. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 peresenti, ndipo nyanja yofunda imadyetsa anamondwe. Freddy wa mu 2023 anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mbiri, ndipo atafika kummwera kwa dziko lathu mu Malichi, phiri la Soche linagumukira pa nyumba za ku Chilobwe, mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu anatsitsa miyala ndi matope, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena sanapezeke. Makolo ankazidziwa zimenezi ndipo ankati wadutsa Napolo, monga ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Inu a ku Bangula simufuna wokuuzani za Januwale 2015, pomwe anthu pafupifupi 230,000 anasowa pokhala m'dziko muno, Ruo anasiya njira yake n'kudula ina cha ku Makhanga, ndipo tsidya la kummawa linkafikika pa boti kapena helikopita basi. Mukudziwanso momwe madzi a mu 1997 anadulira njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu n'kuyamba kuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo. Mapu a chigwa chanu madzi akhala akuwajambulanso inu mukuona. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo m'chigwa cha Shire makhwawa akale alipo ambiri pansi pa midzi ndi minda.

Chachiwiri chomwe chingatifike ndi anthu, ndipo apa ndi pomwe ndikanakonda mukhalitse. Nyanja itakwera ndi mamita atatu kapena asanu, anthu a ku Beira, Quelimane, Chinde ndi mathiriro onse a Zambezi angalowere kumtunda, ndipo njira yakale yomwe mapazi amaidziwa ndi ya m'mphepete mwa Zambezi ndi Shire. Zinachitikapo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lathu linasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo m'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Koma aja ankadikira kuti nkhondo ithe abwerere, ndipo ambiri anabwereradi pambuyo pa mtendere wa 1992. Othawa nyanja alibe kobwerera. Mfumu yomwe yafika ndi anthu ake onse, mudzi wake uli pansi pa madzi, idzakhalabe mfumu pamalo a mfumu inzake? Nyakwawa idzagawa bwanji munda womwe ana ake omwe sukuwakwanira? Mlamu wa tsidya lina, wolankhula Chisena chomwechi, adzakhala mbale kapena mlendo njala ikafika? Nanga manda? Mukudziwa kuti mabanja ambiri a m'chigwa akauzidwa kuti asamukire kumtunda amazengereza, ndipo anthu a m'tauni amafulumira kuwatcha osamva. Koma kumadimba ndi komwe kuli chinyezi cha mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe, ndi komwe kuli nsomba, ndi komwe kwagona makolo. Kumtunda kuli miyala ndi malo a eni ake. Mlembi wa ku Bangula angalembe zimenezi mwachilungamo kuposa wina aliyense. Mungafunsenso chomwe osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi angachite pa nthawi yomwe pemphero la anthu lasanduka loti mvula ileke.

Musaiwale za madoko. Mafuta ndi feteleza wathu wambiri amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Beira atafooka, munthu wa ku Mzimba yemwe sanaonepo nyanja yamchere angaimve pa mtengo wa thumba la feteleza. Doko la Nsanje, lomwe linatsegulidwa mu Okutobala 2010 koma sitima zamalonda sizinayambe kufikapo, ndi malo omwe nkhani yopeka ingawapatse moyo wina.

Pa nkhani ya momwe anthu amachitira, dziko lili ndi zitsanzo zosiyana kwambiri. A ku Netherlands, madzi atapha anthu 1,836 mu 1953, anamanga zipupa ndi zitseko zikuluzikulu zotchinga nyanja, ntchito yomwe inatenga zaka makumi angapo ndi ndalama zankhaninkhani. Dziko la Tuvalu, lomwe lilibe phiri lothawirako, linasaina pangano ndi Australia mu 2023 lolola anthu ake 280 pachaka kukakhala kumeneko. Buku la Kim Stanley Robinson la mu 2017 lotchedwa New York 2140 linakweza nyanja ndi mamita pafupifupi 15, n'kusiya anthu akukhalabe m'nyumba zosanja, akuyenda pa maboti m'misewu yakale, akukanganabe za lendi ndi umwini wa nyumba. Madzi akewo ndi ochuluka kuposa omwe IPCC ikuyembekezera, komabe bukulo limakhulupirika chifukwa moyo wa tsiku ndi tsiku sunaime. Wolemera amagula mtunda, wosauka amatsala kunsi. Funso loti chipupa chimangidwe pati, ndipo ndani atsale kunja kwake, lingathe kunyamula buku lonse.

Ngati mtima wanu uli pa chithunzi cha nyanja yamchere ikuwomba m'munsi mwa mapiri a Nsanje, chisungeni, koma kankhirani nkhaniyo kutsogolo zaka masauzande angapo. Pamenepo mudzakhala ndi ufulu waukulu: zilankhulo zasintha, Beira watsala m'nyimbo za asodzi, ndipo anthu ena amakana kuti mzindawo unaliko. Ngati mukufuna chigumula chadzidzidzi chomwe anthu a m'badwo umodzi angachione, yang'anani kumtunda m'malo moyang'ana kunyanja. Pa Zambezi pali madamu awiri aakulu, Kariba wa mu 1959 ndi Cahora Bassa wa mu 1974. Ku Kariba madzi otuluka pazitseko anakumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 m'munsi mwa khoma, ndipo panafunika ntchito yaikulu yolikonza kuti lisafooketse maziko. Zomwe zinachitika ku Derna m'dziko la Libya mu Seputembala 2023, pomwe madamu awiri ang'onoang'ono anaphulika usiku n'kupha anthu masauzande, zikuonetsa kukula kwa ngozi yotere. Zambezi akadzaza kwambiri amatsekereza Shire n'kubweza madzi ku dambo la Ndindi, choncho nkhani ya damu ikufikani mwachindunji.

Nyanja yathu ya Malawi nayo siyokhazikika monga timaganizira. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka madzi analeka kutulukira mu Shire. Mu 2024 inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi Salima. Matope okumbidwa pansi pake akuonetsa kuti zaka zoposa 75,000 zapitazo, pa nthawi ya zilala zoopsa, inaphwa ndi mamita mazanamazana. Ili m'chigwa chong'ambika momwe zivomezi zimachitika, monga cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009. Nyanja yakuya mamita pafupifupi 700, yokhala ndi khomo limodzi lokha lotulukira, komwenso magetsi athu ambiri amadalira, ndi poyambira pabwino pa nkhani yopeka yomwe wowerenga wa kuno angaimve m'mafupa.

Ilipo njira ina yomwe olemba ena amadzera akafuna kumiza dziko lonse. Mu 2014 akatswiri anapeza kamwala kotchedwa ringwoodite mkati mwa dayamondi wa ku Brazil, ndipo kanali ndi madzi pang'ono omangika mkati mwake. Izi zinalimbikitsa ganizo loti pansi pa dziko, pakati pa makilomita 410 ndi 660, miyala ikusunga madzi ochuluka kwambiri. Madzi amenewo si nyanja yoyenda, ndi omangika m'miyala, ndipo palibe njira yodziwika yomwe angatulukire mwachangu. Nkhani yopeka ili ndi ufulu wothyola lamulo limodzi lotere. Mukatero, muuzeni wowerenga msanga kuti chachitika n'chachilendo, ndipo zina zonse zitsate malamulo a chilengedwe mosaphonya. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musanene kuti kusintha kwa nyengo komwe tikukumana nakoku ndiko kwamiza Blantyre. Ana a sukulu omwe adzawerenge buku lanu ndi omwewo amene anagona m'makalasi ndi m'matenti pa nthawi ya Freddy, ndipo ayenera kudziwa choopsa chenicheni ndi kukula kwake.

Pa ine ndekha, ndikanasunga chaka cha 2150, n'kukweza nyanja ndi mamita atatu, n'kuika nkhaniyo pa Bangula pomwepo, pomwe anthu ochokera kunsi kwa Zambezi akufika ndi mabwato pamene a kumtunda atseka njira. Musanalembe mutu wina, pemphani mnzanu wa jogalafe uja akubwerekeni mapu oonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo, a chigwa cha Shire ndi a mathiriro a Zambezi. Khalani naye pansi, mujambule ndi pensulo mzere wa pomwe madzi anu alekeza, mulembe midzi, misika, milatho ndi manda omwe agwera mkati mwa mzerewo, ndipo muwerenge masiku omwe banja la ana aang'ono lingayende kuchoka ku Mopeia kufika kwanuko.